Micro Traxion ya Petzl pa ntchito yokoka munthu amene wagwera mu mng'alu wa madzi oundana

Micro Traxion ndi kachipangizo kakang'ono kopangidwa ndi kampani ya Petzl ya ku France, ndipo kamagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. M'kati mwake muli kawilo kamene chingwe chimayendapo mosavuta, ndipo pambali pa kawiloko pali kachitsulo ka mano kamene kamalola chingwe kupita mbali imodzi koma kamachiluma chikangofuna kubwerera. Kamalemera magalamu 85, kamalandira zingwe zonenepa mpaka mamilimita 11, ndipo opanga ake amanena kuti 91 peresenti ya mphamvu imene munthu wakoka imadutsa pa kawiloko n'kukafika mbali inayo. Ine ndimakanyamula nthawi zonse ndikamayenda pamalo a madzi oundana, ndipo ndikukhulupirira kuti aliyense woyenda malo otere ayenera kukhala nako. Komabe ndimada nkhawa ndikaona anthu akukagula ndi maganizo akuti tsopano safunikanso kudziwa mfundo za chingwe, chifukwa pali nthawi zina pa ntchito yopulumutsa munthu pamene kachipangizoka sikangathandize, ndipo nthawi zimenezo ndi zoopsa kwambiri.

Kuti ubwino wake umveke, tiyenera kuyamba taona vuto limene kanapangidwira. Anthu awiri kapena atatu akamadutsa pa madzi oundana a m'mapiri aatali amamangana chingwe chimodzi, popeza pansi pamakhala ming'alu yakuya imene chipale chofewa chimaibisa. Mmodzi akagwera mu mng'alu, wotsala kumtunda amadzigwetsa pansi n'kukhomera nkhwangwa yake kuti asakokedwe naye, kenako amakonza nangula, amene ndi malo olimba omangirirapo chingwe, kaya pokwirira nkhwangwayo mopingasa mu chipale kapena popotera zitsulo mu ayezi wolimba, ndipo amasamutsira kulemera kwa mnzakeyo pa nangulayo. Ngati wogwayo sangathe kukwera yekha, ayenera kukokedwa. Palibe munthu amene angakoke mnzake mamita angapo osapuma, choncho pa nangula pamafunika chinthu chosunga chingwe chimene chakokedwa kale kuti chisabwerere pamene wokokayo wasiya kuti apume kapena kuti asunthe zida zake.

Kwa zaka zambiri ntchito imeneyi yakhala ikugwiridwa ndi mfundo ya prusik, imene inatchuka kudzera mwa Karl Prusik, wokwera mapiri wa ku Austria, m'chaka cha 1931. Munthu amatenga kachingwe kopyapyala ka mamilimita 5 kapena 6, n'kukakulunga katatu pa chingwe chachikulu, ndipo mfundoyo imagwira ikalemedwa koma imasuntha ikamasulidwa. Ndi mfundo yodalirika, koma pa nangula imavutitsa. Chingwe chikamakokedwa chimaitenga mfundoyo n'kukaipanikiza mu carabiner (mphete yachitsulo yokhala ndi kachitseko, yolumikizira chingwe ku zida zina), nthawi zina imadutsa n'kukakhala mbali yolakwika, ndiye pamafunika dzanja la munthu wina loiyang'anira kapena kachitsulo koitchinga. Ndiponso nthawi iliyonse imene wokoka wasiya chingwe, wogwayo amabwerera pansi pang'ono mfundoyo isanagwire, ndipo masentimita otayika motere amachuluka pa ntchito yonse. Chingwe chikanyowa n'kuundana, prusik imatha kuterereka osagwira konse. Njira ina ndi mfundo ya Garda, yomangidwa pa ma carabiner awiri ofanana, imene imagwira yokha popanda woiyang'anira, koma chingwe chimakhulana kwambiri ndi zitsulozo moti mphamvu yambiri imathera pomwepo.

Pamalo amenewa Micro Traxion imaposa njira zonsezi, ndipo sindikuona chifukwa chokanira zimenezo. Mbali imodzi ya kachipangizoka imazungulira n'kutseguka, choncho chingwe chimalowa pakati pake paliponse popanda kufunafuna nsonga yake, ndipo carabiner imodzi yokhoma imatseka mbali zonse ziwiri n'kukalumikiza ku nangula. Mano amaluma nthawi yomweyo, moti chimene mwakoka ndi chimene mwasunga. Amagwiranso pa chingwe choundana chimene prusik ikanachitaya. Koma ubwino waukulu ndi wakuti munthu mmodzi yekha angathe kuyendetsa ntchito yonse popanda kubwerera ku nangula kukakonza mfundo, ndipo pa gulu la anthu awiri, pamene wopulumutsa ali yekhayekha ndipo mnzake akuzizidwa pansi, nthawi imene yapulumuka motere ndi yamtengo wapatali. Munthu wolendewera pa lamba wa m'chiuno osagwedezeka, makamaka ngati wakomoka, sakhala ndi nthawi yaitali, ndipo kuzizira kwa mu mng'alu kumam'fooketsa msanga. Pali kabatani kamene kamagwira kachitsulo ka manoko kuti kakhale kotseguka, ndipo mukatero kachipangizoka kamasanduka pulley wamba, kutanthauza kawilo kamene chingwe chimangoyendapo mbali zonse ziwiri. Kabataniko ndi kakang'ono ndipo kamavuta kukadina ndi magolovesi ochindikala, choncho ndi bwino kukazolowera musanapite ku phiri.

Tsopano ndifike pa nkhani ya mphamvu, imene ogula ambiri saimvetsa bwino. Njira yodziwika kwambiri yokokera ndi ija chingwe chimapanga chilembo cha Z. Chimachokera kwa wogwayo n'kukazungulira pa nangula, n'kubwereranso kulowera ku mng'alu, kumene chimadutsa mu carabiner kapena pulley yomangiriridwa pa chingwe cholemedwacho, kenako n'kupita m'manja mwa wokoka. Njirayi imatchedwa 3:1, kutanthauza kuti mphamvu ya munthu imachulukitsidwa katatu, ndipo malipiro ake ndi akuti pamafunika kukoka mamita 3 kuti wogwayo akwere mita imodzi. Koma katatu kameneko kamatheka pokhapokha ngati palibe mphamvu yotayika pamene chingwe chikukhota, zimene sizichitika. Chingwe chikakhota pa carabiner wamba chimataya pafupifupi theka la mphamvu yake.

Tiyeni tiwerengere potengera munthu amene akukoka ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu 30. Ngati pamalo onse awiri okhotera pali ma carabiner, mphamvu yofika kwa wogwayo ndi 30 ya m'manja, kuphatikiza 15 yotuluka pa carabiner yoyamba, kuphatikizanso 7.5 yotsala ikazungulira pa nangula, zonse pamodzi 52.5, pamene pa pepala tikanayembekezera 90. Mukaika Micro Traxion pa nangula koma n'kusiya carabiner pamalo oyandikira dzanja, zimene anthu ambiri amachita, gawo lomaliza lija limakwera kuchoka pa 7.5 kufika pafupifupi 14, ndipo zonse pamodzi zimafika pafupifupi 59. Kusinthako ndi kochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene munthu angayembekezere akamva za 91 peresenti. Chifukwa chake ndi chakuti mphamvu imene imafika pa nangula imakhala itadulidwa kale pakati ndi carabiner yoyamba ija, ndipo kawilo kabwino sikangabweze chimene chatayika kasanachilandire. Mukasinthanitsa, n'kuika pulley yabwino yosunga pafupifupi 90 peresenti pamalo oyandikira dzanja, kwinaku pa nangula pali carabiner ndi prusik, mumapeza pafupifupi 70. Mukakhala ndi zonse ziwiri, pulley pafupi ndi dzanja ndi Micro Traxion pa nangula, mumafika pafupifupi 82.

Manambalawa ndi owerengera chabe, ndipo amasintha malinga ndi kunenepa kwa chingwe, kuuma kwake ndi mtundu wa carabiner, koma chimene akusonyeza sichisintha. Micro Traxion pa nangula imagulidwira kusunga chingwe, ndipo phindu lake pa mphamvu ndi laling'ono ikakhala yokha. Amene akufuna kuti kukoka kupepuke ayenera kuwonjezera pulley ina yaing'ono n'kuiika pamalo pamene chingwe chimayamba kukhota chikachoka m'manja mwake. Ndikanakonda kuti ogulitsa azinena zimenezi momveka, chifukwa munthu wopepuka thupi amene akuganiza kuti ali ndi mphamvu yochulukitsidwa katatu, pamene kwenikweni sinafike ngakhale kawiri, adzazindikira zimenezi pa nthawi yoipa. Ndiponso sitinawerengere mphamvu imene imatayika pa mlomo wa mng'alu, pamene chingwe chimadula chipale n'kuzama ngati mpeni. Kutayika kumeneko nthawi zambiri kumaposa kwina konse, ndipo mankhwala ake si chipangizo chogula ayi. Munthu ayenera kupita pa mlomopo ali womangiriridwa, n'kuchotsa chipale cholendewera mosamala kuti chisagwere mnzake, kenako n'kuika chikwama kapena mpini wa nkhwangwa pansi pa chingwe.

Chogwira chingwe cholemedwa chija, pamene pulley yoyenda imamangiriridwa, chikhoza kukhala prusik kapena kachitsulo kena ka mano monga Tibloc ya kampani yomweyo, imene imalemera magalamu 35. Tibloc imaikidwa msanga ndipo imasuntha mosavuta mukafuna kuibweza kutsogolo kuti muyambirenso kukoka. Komabe ine pamalo amenewa ndimasankha prusik chingwe chikakhala chouma, ndipo chifukwa chake chikukhudzana ndi vuto loyamba lalikulu la zida zonse za mano. Petzl imanena kuti Micro Traxion ikamagwira ntchito ngati pulley wamba imapirira mpaka 15 kN, koma ikamagwira chingwe ndi mano malire ake ndi 4 kN, ndipo mphamvu yololedwa pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi 2.5 kN. Popeza 1 kN ndi pafupifupi kulemera kwa makilogalamu 100, wina angaganize kuti malirewa ali kutali. Koma chimene chimagonja pa 4 kN si chitsulo, ndi khungu la chingwe, limene mano amaling'amba n'kulisenda. Mphamvu yotere imafikika mosavuta m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kugwa mwadzidzidzi pa chingwe cholekerera, mwachitsanzo wogwayo akaima pa kashelefu ka ayezi, chingwe n'kukhwefuka, kenako kashelefuko n'kugumuka. Yachiwiri ndi anthu ambiri kukoka pamodzi pa njira yochulukitsa mphamvu pamene china chake chakodwa. Prusik ikalemedwa mopitirira imayamba kuterereka, ndipo kuterereka kumeneko kumachenjeza okokawo kuti aime aone chimene chavuta. Mano sachenjeza munthu, amangopitiriza kuluma.

Vuto lachiwiri ndi limene ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa onse, ndipo ndi ili: Micro Traxion singamasulidwe ili yolemedwa. Kuti mano atseguke, muyenera kuyamba mwakoka chingwe pang'ono kuti kulemera kuchoke pa iwo, ndipo pokhapo m'pamene mungakweze kachitsuloko. Taganizirani nthawi imene wogwayo wafika pansi pa mlomo wa mng'alu, chingwe chazama mu chipale, ndipo mutu kapena chifuwa chake chapanikizika pa denga la chipalecho. Okoka ali kutali ndipo sakumuona, mawu ake sakumveka bwino, ndipo njira yochulukitsa mphamvu imawapangitsa kuti asamve kuti kulemera kwasintha. Anthu avulazidwapo koopsa ndi anzawo owapulumutsa m'njira imeneyi. Pa nthawi yotere chofunika ndi kumutsitsa msanga, koma kachipangizoka kamafuna kuti muyambe mwamukokanso m'mwamba, kumene kuli kumuonjezera ululu. Ngakhale mutatha kutsegula manowo, kulemera konse kumabwera m'manja mwanu kudzera pa kawilo koterera, ndipo munthu amene ali yekha ayenera kugwira chingwe ndi dzanja limodzi kwinaku lina lili pa kabatani.

Apa ndi pamene mfundo zimabwerera pamalo pake. Mfundo ya Munter, imene inatenga dzina la Werner Munter, wotsogolera anthu m'mapiri wa ku Switzerland, imamangidwa pa carabiner imodzi yotakata ndipo imalola munthu kutsitsa cholemera pang'onopang'ono ndi dzanja limodzi. Ikatsekedwa ndi mfundo yosolola n'kutetezedwa ndi ina pamwamba, imasunga kulemera popanda woigwira, koma imatha kumasulidwa ngakhale ili yolemedwa. Wopulumutsa amene amaidziwa amatha kumangirira prusik pa chingwe cholemedwa, n'kuilumikiza ku nangula kudzera mu Munter yotsekedwa, n'kusamutsira kulemera kumeneko, ndipo akatero amatha kutsitsa mnzake mmene akufunira. Ena amalumikiza Micro Traxion yeniyeniyo ku nangula kudzera mu kachingwe komangidwa motero kuyambira pachiyambi, kuti njira yobwerera m'mbuyo ikhalepo nthawi zonse. Zimenezi zimawonjezera mphindi zochepa pa kukonza, ndipo ndimaona kuti ndi nzeru makamaka ngati mlomo wa mng'alu uli wolendewera. Chofunika kwambiri pa zonsezi ndi chakuti wina akhale pa mlomo akuyang'ana wogwayo, ndipo ngati wopulumutsa ali yekha, aziima pafupipafupi n'kupita kukaona.

Palinso nkhani ya mfundo zimene zimamangidwa dala pa chingwe. Magulu a anthu awiri nthawi zambiri amamanga mfundo zingapo pakati pawo kuti, wina akagwa, mfundozo zizame mu chipale cha pa mlomo n'kuthandiza kuimitsa kugwako. Sukulu ya ENSA ya ku Chamonix, imene imaphunzitsa otsogolera anthu m'mapiri a ku France, inayesa njirayi ndipo inathandiza kuti ifale. Koma chingwe chokhala ndi mfundo sichingadutse mu Micro Traxion, monganso sichingadutse mu prusik kapena pulley ina iliyonse. Choncho chingwe chimene chagwira munthu chimasiyidwa pa nangula, ndipo wopulumutsa amagwiritsa ntchito chingwe chotsala chimene ananyamula m'chikwama. Amachipinda pawiri n'kuchitsitsira kwa wogwayo pamodzi ndi pulley, mbali imodzi itamangidwa pa nangula, ndipo wogwayo akalumikiza pulleyo ku lamba wake, kukoka mbali inayo kumachulukitsa mphamvu kawiri. Njirayi ili ndi ubwino winanso wakuti chingwe chatsopanocho chimadutsa pa mlomo wokonzedwa bwino, pambali pa chakale chimene chazama kale. Mukawonjezera Z pa mbali yokokayo, pa pepala zimafika 6:1. Micro Traxion imakwanira bwino pa njirayi, kaya pa nangula kapena itatsitsidwa kwa wogwayo, koma kachipangizoka sikakuuzani kuti munyamule chingwe chotsala chokwanira kufika pansi ndi kubwerera, ndipo popanda chingwe chimenecho njira yonseyi palibe. Ngati wogwayo wakomoka, wopulumutsa ayenera kutsika yekha kukamulumikiza n'kukweranso.

Pa kukwera chingwe, kaya ndi wogwayo akudzitulutsa yekha kapena wopulumutsa akubwerera kumtunda, kachipangizoka kamathandiza kwambiri. Kakaikidwa pa lamba wa m'chiuno, ndipo pamwamba pake pakakhala prusik kapena Tibloc yokhala ndi chingwe chopondapo phazi, munthu amaimirira, n'kukoka chingwe cholekerera, n'kukhala, ndipo sabwerera pansi ngakhale pang'ono. Ndi kosavuta kuposa kukwera ndi ma prusik awiri, makamaka podutsa mlomo wa mng'alu.

Zina ndi zazing'ono koma zoyenera kuzidziwa. Chingwe chikhoza kulowetsedwa mozondoka, ndipo chikatero mano amatseka mbali imene mukufuna kukokera n'kutsegula mbali ya wogwayo. Pa kachipangizoka pali zizindikiro zosonyeza mbali yoyenera, koma munthu wotopa, mu mphepo ndi mdima, sayenera kudalira maso okha, ayenera kukoka chingwe mbali zonse ziwiri asanasamutsirepo kulemera. Ayeneranso kutsimikiza kuti kabatani kaja sikanasiye mano otseguka, chifukwa kachipangizo kotseguka kamaoneka pafupifupi chimodzimodzi ndi kotseka. Carabiner yoyenerana nako ndi yokhoma, yokhala ndi maonekedwe ozungulira bwino kuti mbali ziwiri zija zikhale molingana ndipo kasapendekeke. Pa nthawi yolowetsa chingwe kamakhala kosamangiriridwa ku china chilichonse, choncho n'kosavuta kukagwetsa ndi manja ozizira, ndipo kakagwera mu mng'alu sikabwereranso. Ichi chokha n'chifukwa chokwanira chakuti wokanyamula azidziwabe kukonza zonse ndi prusik ndi ma carabiner okha. Chipale chikadzaza m'mano chiyenera kuchotsedwa, ndipo mukabwera ku ulendo ndi bwino kukaumitsa n'kuona ngati kawilo kakuzungulira bwino ndiponso ngati kachitsulo ka mano kakubwerera kokha mwamphamvu. Kampaniyi imapanganso kena kocheperapo kotchedwa Nano Traxion, kolemera magalamu 53, kamene kamalandira zingwe kuyambira mamilimita 7, ndipo amene amayenda ndi zingwe zopyapyala angakaganizire.

Kwa munthu amene akuyamba kumene, langizo langa ndi lakuti ayambe waphunzira kukonza Z ndi njira ya chingwe chopindidwa pawiri pogwiritsa ntchito prusik, Munter ndi ma carabiner okha, mpaka manja ake azichita zimenezi atavala magolovesi, ndipo aphunzire pamaso pa mphunzitsi wodziwa, pamalo otsetsereka pang'ono, ndi cholemera chenicheni kunsonga kwa chingwe. Akafika pamenepo agule Micro Traxion, ndipo adzaona yekha malo amene ikumupeputsira ntchito. Aliyense pa gulu ayenera kukhala ndi yake pa lamba wa m'chiuno, chifukwa ngati ilipo imodzi yokha ikhoza kugwera mu mng'alu pamodzi ndi mwini wake. Pambali pake pakhale pulley ina yaing'ono, tizingwe tiwiri ta prusik ta nayiloni, kena kafupi kena katali kokwanira kumangira Munter, lamba wosokedwa wa masentimita 120, ndi ma carabiner okhoma osachepera atatu, imodzi mwa iwo ikhale yotakata. Tizingwe ta prusik tisakhale ta Dyneema yokha, chifukwa ulusi umenewo ndi woterera ndipo umasungunuka pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 145, kumene kukhulana kwa chingwe cholemedwa kungakufikitse.